Pakhonde pa Azakhali: kugona n'kwina, kusamva ululu n'kwina

Sabata ino makalata anu akununkha chipatala okhaokha, ndiye ndasankhapo anayi. Amene munalemba za ngongole za banki m'khonde dikirani kaye, ululu wanuwo suthamanga.

Zikomo Azakhali,
Ndine bambo wa zaka 36. Kwa miyezi ingapo m'mimba mwakhala mukuwotcha, ndipo adokotala akufuna kundiunika polowetsa kachingwe ka kamera kukamwa. Akuti akhoza kundipatsa mankhwala ogonetsa pang'ono, komanso ndibwere ndi wondiperekeza. Mayi a kunyumba adzipereka kale. Vuto ndi ili: mnzanga wa kuntchito wandiuza kuti munthu akamatsitsimuka ku mankhwala amenewa amaulula zonse za kumtima, mayina ndi manambala omwe. Kodi n'zoona? Nanga mayiwa ndingawakanize bwanji mwaulemu?
Wosowa tulo, Chilomoni

Mwana wa mchimwene wanga iwe, m'mimba mukuwotcha koma chokusowetsa tulo ndi mayina. Mayina a ndani? Manambala ake ati, a mita ya madzi? Ndikukayika kuti kuwotcha kwinako kunayamba ndi foni ija imagona chafufumimba patebulo.

Khazika mtima pansi. Mankhwala ogonetsa si mwabvi wogwirira afiti. Amangomasula lilime ndi kusokoneza mutu kwa kanthawi, ndipo zotuluka pakamwa nthawi imeneyo zambiri ndi zobwebweta. Wina amaimba nyimbo ya kwaya, wina amafunsira namwino ukwati, wina amafunsa kakhumi ngati ayamba kale pomwe anamaliza kalekale. Anamwino anazimva zonsezi mpaka kutopa nazo, ndipo kawirikawiri nthawi imene lilime lili lotayirira kwambiri umakhala uli m'manja mwawo, wokuperekeza ali pabenchi panja.

Komanso kuunika kumeneku si opareshoni. Nthawi zambiri sikupitirira mphindi 15, ndipo anthu ambiri amakuchita ali maso. Amakupopera kummero mankhwala owawa ngati ndulu otchedwa lignocaine, kummero kumachita dzanzi, ugona cham'mbali, uluma kapulasitiki, kachingwe kalowa. Umachita ngati ufuna kusanza, misozi imatuluka, umageya mopanda ulemu, koma kupuma sikutsekeka chifukwa kachingweko kamatsata njira ya chakudya, osati ya mpweya. Ndiye ngati katundu wa kumtimayo ndi wolemera choncho, pempha za kupoperazi. Utuluka mutu uli bwinobwino, mabodza ako onse ali m'malo mwake.

Chinsinsi chimene ndikufuna uulule n'china, ndipo uulule kwa adokotala usanagone. Umamwa mowa wochuluka bwanji? Usayankhe kuti "ka apo ndi apo" ngati ukuyankha abusa. Munthu womwa tsiku ndi tsiku thupi lake linazolowera zoledzeretsa, moti mlingo wamba wa mankhwala ogonetsa ukhoza kulephera kumugwira, iye n'kumaphupha pabedi anthu akugwira ntchito. Wosuta chamba chimodzimodzi. Unenenso mankhwala aliwonse amene ukumwa, a kuchipatala ndi a zitsamba omwe. Ma ARV ena amachedwetsa mankhwala ogonetsa otchedwa midazolam kutuluka m'thupi, ndiye wobisa amagona kupitirira pomwe adokotala anayembekezera. Ngati umaliza mkonono wogwedeza malata mpaka kubanika kutulo, uneneso, chifukwa anthu otere kupuma kwawo kumavuta akagonetsedwa. Ndipo mboni ya mkonono wakowo ndi mkazi yemwe ukufuna kumusiya pakhomoyo.

Akakuuza kuti usadye maola 6, ndiye kuti usadye. Phala ndi chakudya, thobwa ndi chakudya, tiyi wa mkaka ndi chakudya, kambatata kaja umati n'kongolawako nakonso ndi chakudya. Munthu wogonetsedwa sakhosomola bwino, ndipo akasanza, masanzi amatha kulowa m'mapapo. Kumeneko ndiye kumabwera matenda oposa amene unapitira. Mukamaliza, ngati anakupatsa ogonetsa, kwa maola 24 osayendetsa galimoto kapena njinga yamoto, osalawa mowa, osasayina pepala lililonse, osatumiza ndalama pafoni. Mutu umaoneka ngati wabwerera koma umakhala usanabwerere wonse. N'chifukwa chake akufuna wokuperekeza, ndipo woyenera ndi amene amadziwa khomo lako. Tenga mkazi wako. Za mayinazo undilembere kalata ina, tidzakambe bwino.

Azakhali, tiweruzeni.
Amuna anga anagwa panjinga yamoto phewa n'kuguluka. Kuchipatala anawabaya mankhwala pa dilipi n'kulibwezeretsa. Ine ndinali pakhomo pomwepo ndipo ndinawamva akukuwa mpaka kuitana mayi awo amene anatisiya kalekale. Koma iwo akuti sanamve kalikonse, ndipo pabawo akuuza anzawo kuti sanaphethire n'komwe. Ndikanena zomwe ndinamva akuti ndikuwanyozetsa. Wabodza ndani?
Mayi wa ana atatu, Mponela

Mwanawe, pa mlandu uwu palibe wolipira nkhuku. Iwe unamva kukuwa, ndipo kunachitikadi. Iwo sakukumbukira, ndipo sakunama.

Mankhwala a kufiyeta ntchito zake n'zosiyana, ngakhale ife odwala timangoti "anandigonetsa". Pali okhazika mtima pansi ndi kubweretsa tulo, pali opha ululu, pali ochititsa dzanzi pamalo amodzi. Midazolam ndi diazepam ali m'gulu loyamba lija. Amachotsa mantha, amalemeretsa zikope, ndipo amaletsa ubongo kusunga zimene zikuchitika nthawi imeneyo. Koma ululu sapha. N'chimodzimodzi propofol, mankhwala oyera ngati mkaka amene amaluma pamkono akamalowa: amagonetsa msanga, koma si opha ululu. Ndiye pa ntchito yowawa ngati kubwezeretsa phewa, odziwa amaphatikizapo ena monga pethidine, morphine kapena fentanyl. Akapanda kutero, kapena akapereka ochepa, munthu amamva kuwawa, amakuwa, kenako amadzuka akufunsa kuti muyamba liti.

Palinso ketamine, amene anapangidwa ku America mu 1962. Ameneyu ndi bwenzi la zipatala za m'maboma mu Africa muno chifukwa amapha ululu ndithu, satsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo nthawi zambiri munthu amapitiriza kupuma yekha, chinthu chofunika kwambiri kumene makina opumitsira ndi ochepa komanso magetsi amathimathima. Koma ali ndi khalidwe lake. Munthu amakhala maso ali tong'o koma iye kulibe, dovu likutuluka, ndipo potsitsimuka amalota maloto oopsa kapena odabwitsa: kuuluka, kugwera m'dzenje, kucheza ndi akufa. Ngati bambo a kwanuwo analandira ameneyu, mwina kukuwako sikunali kwa ululu, mwina anakumanadi ndi mayi awo kumalotoko ndipo anali ndi zoti ayankhe. N'chifukwa chake ketamine amamuphatikiza ndi diazepam kapena midazolam, ndipo wotsitsimuka amafunika malo a phee, osati achibale khumi akumugwedeza n'kumamufunsa ngati akuwazindikira.

Tsono pali maganizo amene ine ndimakana. Ena amati ngati wodwala sakukumbukira ndiye kuti palibe chinalakwika. Ayi. Ululu woiwalika unali ululu ndithu pa nthawi yake, mtima unathamanga, thukuta linatuluka, munthu anavutika. Komanso si onse amaiwala. Ena amakumbukira zidutswazidutswa: mawu a anthu, dzanja lowapanikiza, kuwawa kwina. Chimawapweteka koposa n'chakuti anauzidwa kuti "mugona, simumva kanthu". Ku Britain mu 2014 kunatuluka kafukufuku wamkulu wa anthu amene anadandaula kuti anazindikira zochitika mkati mwa opareshoni. Kwa ogonetsedwa kotheratu, dandaulo lotere linali limodzi pa anthu pafupifupi 19,000, kusonyeza kuti n'zosowa kwambiri. Koma madandaulo ena anachokera kwa anthu amene sanagonetsedwe kotheratu n'komwe. Anangopatsidwa owodzeretsa, iwo n'kumayembekezera tulo tofa nato, chifukwa panalibe amene anawafotokozera bwino kusiyana kwake.

Ndiye tsiku lina aliyense wa inu akadzagona pabedi limenelo, adzafunse asanabayidwe: ndigona kotheratu kapena ndingowodzera? Nanga cha ululu mundipatsa chiyani? Ndikamva kuwawa ndikudziwitseni bwanji? Kufunsa kotere si mwano. Safunsa anadya phula. Ndipo amuna akowo akadzapitanso, adzanene kuti ulendo watha anakuwa ndi kubwebweta, kuti adzawakonzere mankhwala mwa mtundu wina. Adzanene chapansipansi, anzawo a pabawo asamve. Kumeneko asiye adzitame, phewa linali lawo. Iwe ungosunga nkhaniyi ngati chuma, udzaitulutse tsiku limene adzakane kukugulira chitenje.

Azakhali,
Mwana wanga woyamba ndinabereka kudzera pa opareshoni. Anandibaya jakisoni wa pamsana n'kunena kuti sindimva kanthu. Miyendo inalemeradi, koma atayamba ndinamva kuwawa kotentha mbali ya kumanzere. Sindinanene. Apongozi anali atandilangiza kuti mkazi weniweni salira pochira, akalira amachititsa manyazi kwawo. Ndinangoluma mlomo, misozi ikutsikira m'makutu. Mpaka lero ndikamva fungo la kuchipatala mtima umathamanga. Pano ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndipo ndikuganiza zokachirira kumudzi kwa agogo. Sindinauzepo munthu aliyense.
Wamantha, Balaka

Mwana wanga, sendera kuno. Iwe sindikuseka. Oti ndiwaseke ndi apongozi akowo, ndipo ndiwafika posachedwa.

Choyamba, ndakukhulupirira. Sunali kulota ndipo sunali wofooka. Jakisoni wa pamsana ndi njira yabwino kwambiri yochiritsira mayi pa opareshoni, ndipo kwa amayi ambiri ndi wotetezeka kuposa kugonetsedwa kotheratu. Mayi amakhala maso, amapuma yekha, amamva kulira koyamba kwa mwana wake. Mankhwala ake, amene nthawi zambiri amakhala bupivacaine, amathiridwa m'madzi ozungulira mitsempha kumunsi kwa msana, ndipo dzanzi limayenera kukwera kuchoka kumapazi mpaka cha m'mabere. Koma nthawi zina silikwera mokwanira, kapena limagwira mbali imodzi kuposa inzake, kapena opareshoni imatalika dzanzi n'kuyamba kutha. Zimachitika ku London, zimachitika ku Johannesburg, zimachitika kwathu kuno. Ochita ntchitoyi amazidziwa, n'chifukwa chake asanadule amayamba ayesa: amakukhudza ndi kanthu kozizira kapena kukutsina pamimba n'kufunsa ngati ukumva. Pamenepo si poyankha mwaulemu kuti usavutitse anthu. Ukumva, nena kuti ndikumva.

Udziwenso zoyenera kumva ndi zosayenera. Kukokedwa, kukankhidwa, kupanikizidwa pamwamba pa mimba pamene akutulutsa mwana, zimenezo pafupifupi aliyense amazimva ndipo n'zachilendo koma siziwawa. Nseru ndi kunjenjemera zimabweranso. Koma kuwawa kotentha, kobaya kapena kocheka sikuli m'gulu limenelo. Munthu uja amakhala kumutu kwako, kuseri kwa nsalu, akuyang'ana makina ndi dilipi, ntchito yake yonse ndi iweyo. M'zipatala zathu zambiri amakhala clinical officer amene anaphunzira mwapadera za kugonetsa ndi kupha ululu. Ali ndi zochita zingapo ukamuuza: akhoza kuimitsa anzake kuti adikire dzanzi likwere, akhoza kubwereza jakisoni ngati sanayambe kudula, akhoza kuwonjezera mankhwala pa dilipi, akhozanso kukugonetsa kotheratu. Makina ake amamuonetsa kugunda kwa mtima ndi mpweya wa m'magazi, koma mtima umathamanganso ndi mantha kapena kutaya magazi, ndiye sangadziwe kuti ndi ululu ngati mwini wake waluma mlomo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Tsopano apongozi. Ndikuwadziwa amayi amenewa ngakhale sitinaonanepo, chifukwa ali m'mudzi uliwonse. Dzino likawawawa mudzi wonse sugona, koma mpongozi wawo akamang'ambidwa pamimba ndiye akhale chete kuteteza dzina la mtundu. Agogo athu ankapirira chifukwa kunalibe china. Ngakhale kwa azungu, mpaka pa 16 October 1846, tsiku limene William Morton anaonetsa poyera ku Boston kuti munthu angagonetsedwe ndi ether n'kuchitidwa opareshoni, wodwala ankangogwiridwa ndi amuna amphamvu ndipo dokotala wotchuka anali wodula mwachangu. Mankhwala atapezeka, kunalinso ena okana kuti mayi wobereka asapatsidwe, ati ululu umenewo ndi gawo lake. Koma mu 1853 Mfumukazi Victoria ya ku Britain, pobereka mwana wake wachisanu ndi chitatu, Leopold, inalandira chloroform kwa dokotala John Snow, ndipo inabwerezanso pa mwana wotsatira. Mayi wa ana asanu ndi awiri kale, wolamulira maiko osawerengeka, sanaone manyazi. Apongozi akowo akulamulira maiko angati?

Koma za kumudzi kwa agogo ndakana, ndipo apa sindikuseka ngakhale pang'ono. Chiberekero chako chili ndi chipsera. Matenda akayamba, chipseracho chikhoza kung'ambika, magazi n'kutayikira mkati, ndipo zikatero moyo wako ndi wa mwana umadalira kuti fiyeta ndi magazi owonjezera zili pafupi bwanji. Ngolo ndi kabaza sizingapikisane ndi nthawi imeneyo. Wina akakupatsa mwanamphepo kapena chilichonse chofulumizitsa matenda, kana, chifukwa kukoka kwamphamvu pa chiberekero cha chipsera ndiko kumang'amba. Masiku akayandikira, ngati kwanu n'kutali, pita ukadikirire kuchipatala komwe kuli fiyeta.

Ulendo wa kusikelo ukubwerawu, uwauze anamwino zimene wandiuzazi, mawu omwewa, ndipo uwapemphe alembe m'buku lako la kuchipatala kuti jakisoni wa pamsana sanagwire bwino ulendo watha. Upemphe kuonana ndi wogonetsa uja tsiku lisanafike, mugwirizane kuti adzayese dzanzi mofatsa ndi kuti ukadzanena adzaima. Kaya udzachira wekha kaya ndi opareshoni ina, adzaona ndi madokotala poyang'ana chomwe chinachititsa yoyamba ija. Uwauzenso za mtima wothamangawo, chifukwa limenelo ndi bala la m'maganizo lodziwika bwino kwa anthu amene anakumana ndi zoopsa, ndipo uphungu umathandiza. Amuna ako uwauze lero, akuperekeze. Wina akakuyankha mwachipongwe kuti mumafuna mumve kukoma, usabwerere kunyumba n'kukalira. M'zipatala zambiri za boma muli ofesi ya ombudsman wa chipatala yolandira madandaulo otere. Ndipo ukadzabayidwanso pamsana, ukadzamva mutu woopsa ukakhala tsonga koma wosiya ukagona, udzanene msanga. Umenewo umachokera ku jakisoni yemweyo ndipo uli ndi chithandizo chake.

Zikomo Azakhali,
Dzino la kumapeto linandivuta mpaka tsaya kutupa. Anandibaya kawiri koma pozula ndinamva zonse. Anzanga akuti ndili ndi magazi amphamvu, ena akuti ndi mphini zomwe agogo ananditemera ndili mwana. Latsala lina loti azule. Ndikuganiza zogula mapilitsi ogonetsa kumsika ndimwe atatu ndisanapite.
Mnyamata wa ku Kawale

Magazi amphamvu! Munthu wogonja kwa mswachi. Mwana iwe, chinakana jakisoni ndi mafinya, osati mphini za agogo. Pamalo potupa ndi pa mafinya, lignocaine amalephera kulowa bwino m'mitsempha, ndiye dzanzi limakhala loperewera. Unadikira mpaka tsaya litafufuma, ukutafunira mbali imodzi ndi kuika adyo pabowo, ndiye wafika kuchipatala nthawi yoipitsitsa.

Lotsalalo pita nalo lisanatupe. Uwauze adokotala a mano kuti ulendo watha dzanzi silinagwire. Akhoza kubaya kumbuyo kwa chibwano komwe kumadutsa mtsempha waukulu, kudikira mphindi zingapo mpaka mlomo utalemera, n'kuyesa kaye asanagwire chozulira. Kugwedezeka ndi kulira kwa dzino uzimva ndithu, koma kubaya ayi. Mugwirizane kuti ukakweza dzanja aime, popeza kukamwa kuli zitsulo sungalankhule.

Mapilitsi a kumsikawo asiye komweko. Ngakhale atakhala diazepam weniweni, wamva kale pamwambapa kuti sapha ululu, ndiye udzamva kuwawa komweko uli chidzandidzandi. Komanso sudziwa chimene chili mkati mwake, ndipo akakumana ndi mowa kapena mankhwala ena ogonetsa amafooketsa kupuma. Michael Jackson anamwalira mu 2009 atapatsidwa propofol kunyumba kwake kuti apeze tulo. Anali ndi dokotala wakewake wolipidwa ndalama zankhaninkhani, koma panalibe kuyang'anira koyenera, ndipo dokotalayo anakaseweza kundende. Kuchipatala akamagonetsa munthu amamupana kachipangizo pachala koyeza mpweya wa m'magazi, wina n'kukhala pambali osachokapo. Iwe wokuyang'anira adzakhala ndani, kondakitala wa minibasi?

Pozula dzino ndi jakisoni wa dzanzi chabe safuna kuti ukhale ndi njala, ndiye idya kaye kunyumba ungakomokere pampando. Akazula, luma thonje mwamphamvu, tsiku loyamba usachukuche m'kamwa kapena kusuta, ndipo ululu ukabwera imwa panado, osati aspirin amene amachedwetsa magazi kuuma. Ndalama ya mapilitsiyo ugulire mswachi.